Mizere ya Pakhoma

1. Choko cha telala

M'nyumba ya telala wina munali lamulo limodzi losasintha. Tsiku lotsegulira sukulu, mwana ankaima chilili pafupi ndi chitseko, zidendene zitagunda khoma, ndipo bambo ankalemba mzere pamwamba pa mutu wake ndi choko chodulira nsalu. Khomalo linafika pooneka ngati makwerero.

M'mawa umenewo anali kuyeza mzime wa m'nyumbamo, kamtsikana ka mano otuluka kumene. Kanayesa kuimirira ndi zala za kumapazi kuti kaoneke katali, koma bambo anakakanikiza pamutu n'kukauza kuti akuba a mtundu umenewo anawadziwa kale.

Mkulu wake anali pakhomo akumanga nsapato. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri, ndipo aliyense ankangomutcha Mafunso chifukwa sankalola chinthu kudutsa osachifunsa. Ngakhale tsikulo anafunsa chifukwa chake iye sayezedwanso.

"Wamkulu sayezedwa pakhoma," anatero bambo. "Khoma ndi la amene akukulabe. Iwe ndi achimwene ako ndinakusiyani chaka chimene mzere watsopano unagwera pa wakale."

Achimwenewo anatulukira akukoka jekete. Ndiwo anamupezera Mafunso ntchito ku kampani imene ankagwira, ndipo onse awiri ankakwera basi imodzi. Bambo anawaimitsa, choko chikadali m'manja.

"Ntchito yanuyo sindiikonda, ndipo mukudziwa. Sindinakuletseni chifukwa ngakhale chimbudzi chimafuna wochikolopa. Koma mverani. Ine ndakalambira pa makina osokera. Telala akayamba kuthamangira kuchuluka kwa malaya, amasiya kuona munthu wodzavala. Amangoona nsalu. Lero alakwitsa kolala, mawa mkono, ndipo samva manyazi chifukwa mulu wakula. Tsono ine ndikalakwitsa, ndimasula ulusi n'kuyambiranso. Inu mukalakwitsa, mudzasula chiyani? Mukuyang'ana ana a anthu. Maso akatopa, imani. Wina akakuuzani kuti musaone, pamenepo ndiye penyetsetsani. Kuthamanga si kufika."

Achimwene anaseka n'kunena kuti ulaliki wa m'mawa suimitsa basi. Anatuluka.

2. Chipinda cha osefa

Kampaniyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, m'nyumba yosanja yopanda chikwangwani. Mawindo anali omatidwa mapepala. Mafoni onse ankatsala m'timakabati ta pakhomo, ndipo munthu ankalowa ndi khadi lokoleka m'khosi.

Ntchito yake inali iyi. Pa intaneti pali masamba a makanema olaula, amene malamulo amati ndi a akuluakulu okhaokha, oonera ndi ojambulidwa omwe. Anthu amatumiza makanema kumasambawo usana ndi usiku. Kanema asanatuluke kuti dziko limuone, amayenera kudutsa kaye m'maso mwa munthu. Anthu amenewo ankatchedwa osefa, ndipo Mafunso anali mmodzi wa iwo.

Kanema sankabwera wathunthu. Pofuna kuteteza mitima ya osefa, kompyuta inkangoonetsa tizithunzi totuwa, topanda mawu, tondandalikidwa ngati masitampa. Pansi pake panali mabatani atatu. Lobiriwira linkatanthauza kuti kanema apite. Lachikasu linkamubweza kwa mwini wake kuti akonze cholakwika. Lofiira linali la chinthu chimodzi chokha: wosefa akakayikira kuti wojambulidwayo ndi mwana.

Ukadina lofiira, kanemayo ankatsekedwa, akaunti yonse ya wotumizayo inkaimitsidwa, ndipo nkhani inkatsikira ku ofesi ya chitetezo cha ana, imene inali pansi pa masitepe. Ofesiyo inkagwira ntchito ndi apolisi.

Pakhoma la kutsogolo panali pepala lalikulu lolembedwa kuti, UKAKAYIKA, DINA LOFIIRA. Linali litasuluka, ndipo wina anali atakolekapo ambulera.

Lamulo lenileni la m'chipindamo linali losalembedwa. Wotumiza makanema akasonyeza ziphaso zoti onse ojambulidwa ndi akuluakulu, akaunti yake inkalandira nyenyezi. Kapitawo wa osefa, amene anyamata ankamutcha a Wotchi chifukwa chala chawo sichinkachoka pa wotchi ya padzanja lamanzere, ankati wa nyenyezi ndi mlendo wolemekezeka, susecha m'matumba mwake. Ukaona nyenyezi, dina lobiriwira, upite kwa wotsatira.

A Wotchi sanali chilombo. Nawonso anali ndi owakalipira. Eni masamba ankafuna liwiro, ndipo ankaopseza kuti ntchitoyo aipereka kwina. Lofiira lililonse linkatsitsa ntchito ya gulu lonse, ndipo bonasi inkathawa.

Mafunso anali atadina kale lofiira kawiri. Kawiri konse a ofesi yapansi anafufuza n'kupeza kuti anali akuluakulu. A Wotchi anamuuza poyera kuti kachitatu adzanyamula chikwama chake.

3. Kathunzi koyamba

Nthawi ya nkhomaliro itayandikira, panabwera kanema wa nyenyezi.

Kathunzi koyamba kanalibe choipa chilichonse. Kanali ka munthu wovala bwinobwino, ataima pafupi ndi chitseko, nkhope itayang'ana kumbali. Chiphaso chinkati ndi mayi wa zaka zoposa makumi awiri. Chala cha Mafunso chinali kale pa lobiriwira.

Chimene chinamuimitsa si munthuyo ayi, koma khoma.

Anakulitsa kathunziko. Pafupi ndi chitseko panali mizere ya pensulo, yokwera ngati makwerero. Yapansi inali yofufutika. Wapamwamba unali wakuda, watsopano, ndipo unali utatalikirana kwambiri ndi unzake, monga zimakhalira mwana akamakula ngati chimanga cha pachulu. Mutu wa munthu woimayo unkalekezera pa mzere wapamwambawo ndendende.

Mafunso sanatsegule tizithunzi totsatira. Anamuimika kanemayo pambali. Malamulo ankalola kuimika kanema mpaka nkhomaliro ithe. Ikatha usanadine kalikonse, kompyuta inkamupereka kwa wosefa wina, ndipo Mafunso ankadziwa batani limene winayo akanadina.

Anakweza dzanja. A Wotchi anabwera akupukusa mutu asanamve n'komwe.

Anawaonetsa mizereyo n'kuwafotokozera za khoma la kwawo. A Wotchi anayang'ana, ndipo kunena zoona anayang'anadi. Kenako anati mizereyo ikhoza kukhala ya mng'ono wake wa mayiyo, kapena ya ana a anthu amene anasamuka m'nyumbamo kalekale. Anati anthu aafupi alipo ambiri, ndipo anafunsa mokweza ngati nawonso awadinira lofiira, poti iwonso ndi aafupi. Chipinda chonse chinaseka. Mnyamata wa desiki loyandikana anati Mafunso wasintha ntchito, tsopano ndi mmisiri woyeza makoma.

Mafunso sanagonje. Anati chiphaso munthu angabwereke kwa mkulu wake wofanana naye nkhope. Anati nyenyezi imaona pepala, siona munthu.

"Tamvera, asisi," anatero a Wotchi, mawu atatsika. "Akaunti imeneyi ndi imodzi mwa zimene eni tsamba amaziwerengera. Ukaitseka pa nkhani ya pensulo, adzandiimbira ine, osati iwe. Ndikupita kokadya. Ndikabwera ndipeze kanemayu wapita."

Anagogoda wotchi yawo ndi chala n'kuchoka.

4. Pa masitepe

Osefa ankadyera pa masitepe akumbuyo, pamene fungo la matayala linkakwera kuchokera kusitolo. Mafunso anakhala payekha, buledi ali m'manja osamuluma. Achimwene ake anamupeza pamenepo.

Kuntchitoko achimwenewo ankatchedwa Mphezi, chifukwa panalibe wosefa wa manja othamanga ngati awo. Zinkamveka kuti a Wotchi akadzakwezedwa, mpando wa ukapitawo udzakhala wawo.

Anayamba mofatsa. Anamukumbutsa mmene anamuchondererera malo kwa mabwana, mmene anauzira anthu kuti mlongo wawo ndi wanzeru. Anati makina a bambo akalamba, maso a bambo nawonso, ndipo nyumba ija yaima pa iwo awiri. Mafunso anangoti zonsezo akuzidziwa.

Ndiye achimwene anamupatsa nzeru ina. Anati ngati lobiriwira likumuwawa, adine lachikasu, alembe kuti chithunzi sichikuoneka bwino. Kanemayo abwerera kwa mwini wake, iye manja ake akhala oyera, a Wotchi sakwiya.

"Lachikasu limamuuza mwini wake kuti wina wakayikira," anayankha Mafunso. "Mawa apaka penti khomalo n'kutumizanso. Ndimuphunzitse ndine kubisa?"

Achimwene anayang'ana pansi pa masitepe, kenako pamwamba. Panalibe munthu pafupi.

"Iwe, sukumva. Ukadina lofiira satseka kanema mmodzi yekha. Amatsegula zonse zakale za akauntiyo, n'kuona amene anazidutsitsa. Akaunti imeneyo ndimaidziwa. Yakhala ikugwera pa desiki langa kuyambira iwe usanabwere."

Mafunso anaika buledi pa sitepe.

"Khomalo munaliona?"

"Sindiyang'ana makoma."

"Nanga munthuyo?"

Achimwene anati ankayang'ana nyenyezi, monga anawaphunzitsira. Anati aliyense m'chipindamo amachita chimodzimodzi, ndipo amene anatumiza kanema si iwo, amene anajambula si iwo. Anati munthu sungayang'anitsitse zinthu zimenezo tsiku lonse mutu n'kukhalabe wako.

Mawu omalizawo anali oona, ndipo Mafunso ankadziwa. Iyenso ankafika kunyumba maso akuwawa, osafuna kulankhula ndi munthu. Koma choonadi chimenecho chinangowonjezera moto. Anaimirira n'kuwakumbutsa za m'mawa uja, za mzime wawo ataima kukhoma akunamizira kutalika.

Achimwene anakwiya. Anati asamulowetse mwana wa mayi awo m'zonyansa zimenezi.

"Achimwene, wa m'kanemayo nayenso alipo amene anatenga pensulo n'kumuuza kuti gunda khoma. Chaka ndi chaka. Munthu sayeza mwana wosamukonda. Ndiye inu mukuti ine ndiyang'ane nyenyezi?"

"Nanga ukapezeka kuti walakwanso? Udzakhala watiwotcha tonse awiri chifukwa cha mayi wamfupi."

Mafunso anati akhozadi kulakwa. Anati akalakwa, mayi wamfupiyo achedwa tsiku limodzi kapena awiri. Koma achimwenewo akalakwa, anafunsa, mwanayo adzachedwa masiku angati?

Belu lochenjeza kuti nkhomaliro yatsala pang'ono kutha linalira. Achimwene anamugwira mkono. Iye anauchotsa, osati mwachipongwe, koma anauchotsa.

5. Batani lofiira

Mafunso anakhala pansi ena akadali kukoka mipando. Kathunzi kaja kanali pomwepo, munthu ataima pa chitseko, nkhope kumbali. Kutsidya kwa chipinda achimwene anali chiimire, maso ali pa iye. A Wotchi anali kulowa pakhomo akupukuta pakamwa.

Anadina lofiira.

Panalibe phokoso lililonse. Kathunziko kanangozimirira, nyenyezi inazima, ndipo pa kompyuta ya a Wotchi panatuluka uthenga. Anauwerenga n'kufiira maso. Anabwera mothamanga, akulankhula asanafike. Anati kuyambira tsiku loyamba anadziwa kuti mtsikana ameneyu ndi minga ya pansi pa phazi. Anati bonasi ya anthu onsewa yapita chifukwa cha pensulo. Osefa ena anayamba kung'ung'udza, ndipo wina kumbuyo anatsonya mokweza.

Mafunso anaimirira n'kuloza pepala lakutsogolo lija. Anafunsa ngati linaikidwa kuti likhale chokolekapo ambulera. A Wotchi anati apereke khadi, akhale kunyumba mpaka nkhaniyo itatha. Iye analivula m'khosi n'kuliponya pa desiki.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Analowa mayi wachikulire wa ku ofesi yapansi, amene onse ankamutcha a Nesi chifukwa anagwirapo ntchito m'chipatala cha ana. Ankakwera masitepe movutika, ndipo ankakwera pokhapokha lofiira likadinidwa. Anafunsa amene wadina. Kenako anafunsa chifukwa chake khadi lili pa desiki.

A Wotchi anayamba kufotokoza za kawiri kaja. A Nesi anawalola mpaka atamaliza. Ndiye anatembenukira chipinda chonse.

"Ana anga, ndikuona nonse mwakwiya. Nanenso ndakwiya, koma tasiyana chotikwiyitsa. Ine pansipo ndimakhala tsiku lonse kudikira belu limene silirira. Ndimadzifunsa kuti kodi dziko lakhala labwino chotere liti? Makanema onsewa, popanda ndi mmodzi yemwe wokayikitsa? Ayi. Mwasiya kuona, basi.

"Ndikuuzeni zimene simuziona kuno. Kanema wa mwana akangotuluka, sabwereranso. Tikamutsitsa pano, wina wamukopera kale uko. Mwanayo akukula, akupita kusukulu, akufuna ntchito, akufuna banja, kanemayo akumutsatira ngati chithunzithunzi. Ndakhala nawo ana otere m'chipinda changa. Ena amaopa ngakhale kuyang'anidwa m'basi, amaganiza kuti aliyense waona. Madzi akatayika saoleka. Ndipo musaiwale kuti kumbuyo kwa kanema wotere kuli munthu wamkulu amene akadali naye mwanayo, lero, pamene inu mukudandaula za bonasi. Batani limeneli si lotsekera kanema chabe. Ndi njira yokhayo imene tingamupezere.

"Mtsikanayu mwina walakwanso, sindinaone. Akalakwa kachitatu, adzadinenso kachinayi. Kukayika ndi ntchito yanu, kutsimikiza ndi yanga. Inu akapitawo, amene anakuuzani kuti muziwerenga zolakwa za wodina lofiira ndani? Za odina lobiriwira mumaziwerenga?"

Komabe a Wotchi khadi lija sanabweze. Anati za antchito ndi zawo, za ana ndi za a Nesi. Anaomba m'manja kuti aliyense abwerere pa ntchito.

Mafunso ananyamula chikwama. A Nesi anamuuza kuti asachoke kaye, adikire pa benchi la pansi.

Anadikira nthawi yaitali, mkwiyo ukumuyenda m'thupi ngati malungo. Kudzera pagalasi la chitseko ankawaona a Nesi atawerama pa kompyuta pamodzi ndi mnzawo wa muofesimo. Kenako anawaona atavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja. Kenako ananyamula foni.

Atatuluka, sanamwetulire. Anati kanema uja satuluka, ndipo onse akale a akauntiyo awatsitsa. Anati apolisi ayamba kale kufufuza kumene nyumbayo ili. Mafunso anafunsa ngati mwanayo amupeza. A Nesi anati sakonda kulonjeza zimene sizili m'manja mwawo, koma dzulo panalibe ndi mmodzi yemwe womufunafuna.

"Mawa ubwere m'mawa, khadi kapena popanda khadi," anatero. "Apolisi adzafuna kudziwa mmene makanema enawo anadutsira, ndi amene anawadutsitsa. Udzanene zimene ukudziwa, osawonjezera, osachotsera."

Mafunso anakwera kukatenga foni yake m'kabati. Anasuzumira m'chipinda cha osefa. Manja onse anali kuthamanga monga mwa masiku onse. Mpando wa achimwene unali wopanda munthu, ndipo jekete lawo panalibe.

6. Pakhomo

Sanakwere basi. Anayenda wapansi, kudutsa pamsika, kudutsa pa sukulu pamene ana anali kuweruka, mayunifolomu atsopano atawakulira. Ankangoyang'ana mitu yawo.

Atafika pafupi ndi kwawo, anazindikira kuti makina osokera sakulira. Masana onse a moyo wake makinawo ankamveka kuchokera pa mphambano.

Mzime anali panja atakhala pa mwala, akadali mu yunifolomu. Anamuthamangira n'kunong'oneza kuti achimwene abwera kalekale, adzitsekera ndi bambo, ndipo mayi akulira kukhitchini. Anati wamva achimwene akunena kuti achemwali awagulitsa kwa apolisi. Anafunsa ngati n'zoona, ndiponso ngati munthu amagulitsidwa.

Mafunso anamusisita pamutu n'kumuuza kuti akasinthe zovala.

Chitseko chinatseguka asanagogode. Bambo anaima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi. Pambali pawo panali khoma lija. Mzere wa m'mawa unali woyerabe mbee. Pamwamba pa yonse panali mzere wakale wa achimwene, umene Mafunso ali mwana ankaulumphira kuti augwire.

M'kati, achimwene anali atakhala pa mpando wa makina, mutu uli pansi.

Bambo anamuyang'ana pachifuwa pamene pankakhala khadi. Sanakalipe, ndipo sanamuyamikire.

"Lowa, mwana wanga," anatero. "Achimwene ako anena zawo, ndamva. Telala sadula nsalu atayeza phewa limodzi. Khala apo, uwayang'ane m'maso, unene zako."